Chaka Chimene Akalola Anaiwala Mkazi Wawo

M'mawa wina, dzuwa litangofika pakhonde, amake Nesi anali pampando akusankha nyemba m'lichero pamene amuna awo anatuluka m'nyumba, mabatani a malaya atawamanga mophonyetsa. Anaima pakhomo n'kuvula chipewa mwaulemu, ngati mlendo amene wangotsika basi.

"Zikomo mayi," anatero. "Kodi eni ake nyumba ino apita kuti?"

Amake Nesi anayamba aseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Amuna awowo anali ndi nthabwala zouma, zoti amazinena nkhope ili gwa, iwe n'kukaseka uli kale kuchitsime. Koma atawayang'ana m'maso, kuseka kunathera pakhosi. Munalibe nthabwala m'maso amenewo. Munali ulemu wokhawokha, ulemu umene munthu amapereka kwa mkazi wa mwini.

"Eni ake ndinu," anayankha chapansipansi. "Khalani, tiyi ali pamoto."

"Ayi, musavutike."

Anakhala kumapeto kwa benchi, chipewa chili pabondo, n'kumayang'ana bwalo limene analilambula okha ndi manja awo ngati akuliona koyamba.

Dzina limene bambowa anabadwa nalo linali litatha ntchito kalekale. Aliyense ankangowatchula kuti Akalola, chifukwa sankatha kulonjeza kanthu osawonjezera kuti "Mulungu akalola." Ukawabwereka nkhwangwa, ankati mudzaipeza mawa, Mulungu akalola. Ukawaitanira ku ukwati, abwera, Mulungu akalola. Tsiku lina akazi awo atawatuma mchere pagolosale yoonekera pakhonde pomwepo, iwo n'kuyankha chimodzimodzi, amake Nesi anawauza kuti, "Bambo, za mcherezo Mulungu analola kale. Nyamukani."

Awiriwa anadziwana ali achinyamata kukwaya ya kutchalitchi. Akalola ankakonda kuimba ndi mtima wonse, koma mawu awo anali ngati chitseko cha dzimbiri. Mkulu wa kwaya anapirira, anapirira, pomaliza anawatengera pambali n'kuwauza kuti Mulungu ali ndi ntchito zambiri, ndipo ina mwa izo ndi kuliza belu. Wina akanakwiya n'kusiya kupemphera. Iwo analandira chingwe cha belu ndi manja awiri, n'kuwonjezerapo tsache losesera m'tchalitchi, ndipo ntchito ziwirizi anazigwira mpaka imvi zinayera mbee. Mtsikana amene ankaimba patsogolo ndiye anaona zimenezo, n'kudziuza kuti mwamuna amene amachotsedwa mukwaya osasunga chakukhosi akhoza kukhala naye m'nyumba.

Munda wawo unali pamtsetse wamiyala, malo amene anthu ena onse anawakana. Akalola anazula miyalayo umodziumodzi, n'kumaiunjika m'malire mpaka inasanduka khoma lofika m'chiuno. Kumtunda ankadzala chimanga ndi nyemba, pakati mbatata, ndipo kumunsi kufupi ndi kamtsinje anaika mitengo ya malalanje. Akafika pamunda ankayamba avula chipewa n'kunong'ona mawu pang'ono, kenako n'kulavulira m'manja ndi kugwira khasu. Munda umenewo ndiwo unalera ana awo, pamodzi ndi ana awiri amasiye a mchemwali wawo, amene pakhomopo panalibe amene ankawasiyanitsa ndi enawo. Wachisamba atakhoza mayeso oti akaphunzire unesi, Akalola anagulitsa ng'ombe zawo ziwiri zolimira n'kubwerera kukhasu, osadandaula. Kuchokera pamenepo mtsikanayo anangokhala Nesi, ndipo mayi ake anakhala amake Nesi.

Sikuti anali mngelo. Anali ndi liuma, ndipo mapemphero awo a pachakudya anali otopetsa. Ankatchula mwana aliyense ndi dzina, adzukulu, odwala a m'deralo, mvula, ngakhale mbuzi imene yatupa mwendo, chakudya chikuzizira m'mbale. Mzime, mwana wawo womaliza, ndiye analephera kupirira. Ali mnyamata anadula pemphero pakati n'kunena kuti, "Abambo, mayina athu Mulungu akuwadziwa kale." Ana enawo anaseka mobisa, koma Akalola sanaseke. Kuyambira tsiku limenelo bambo ndi mwana anali ngati mphaka ndi galu. Mzime atakula anasiya kupita kutchalitchi, n'kukatsegula malo okonzera njinga kumsika. Akabwera kunyumba, moni usanathe, bambo ake anali atayamba kale kumufunsa za Lamlungu. Anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako ankangotumiza sopo ndi shuga kudzera mwa anthu.

Kuiwala kwa Akalola sikunabwere ngati mphezi. Kunabwera ngati chiswe, kudya m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Poyamba ankafunafuna khasu pabwalo ponse lili paphewa pawo. Kenako anathira mchere mu tiyi wa abusa, onse n'kuseka, iwonso n'kuseka nawo. Tsiku lina pakati pa sabata anakaliza belu dzuwa lili paliwombo, anthu n'kuthamanga kuchokera m'minda poganiza kuti kwagwa zovuta. Abusa anachita mwanzeru. Anawathokoza pamaso pa mpingo chifukwa cha ntchito ya zaka zonsezo, chingwe n'kupatsa wina.

Chimene chinawalasa mtima amake Nesi chinachitika pachakudya. Akalola anayamba pemphero monga mwa nthawi zonse, anatchula wachisamba, anatchula wachiwiri, kenako zii. Amake Nesi anatsegula diso limodzi, n'kuona milomo ya amuna awo ikufunafuna dzina la mwana wawo yemwe. Ananong'oneza dzinalo. Akalola analitola n'kupitiriza. Kuyambira pamenepo ankapemphera awiri, mkazi akupereka mayina, mwamuna akuwapititsa kumwamba.

Koma tsiku limene anafunsa za eni nyumba lija, amake Nesi anadziwa kuti mtolo uwu sangausenze okha. Anabwereka foni kwa mphunzitsi woyandikana naye n'kuimbira Nesi.

Nesi anabwera ndi mwamuna wake, kalaliki wa kukampani ya mabasi, munthu waulemu wosachulutsa mawu. Anawatengera makolowo mutawuni. Kuchipatala adokotala anawafunsa Akalola mafunso ophweka. Lero ndi lachingati? Sanadziwe. Uyu wakhala apayu ndi ndani? Anati ndi mayi wachifundo amene wawaperekeza. Muli ndi ana angati?

"Ana ndi a Mulungu, adokotala. Ife timangosunga."

Adokotala anamwetulira, koma zimene anauza Nesi pakhonde sizinali zomwetulitsa. Matendawa sachira. Pali mankhwala ongochepetsa liwiro lake, basi. Chofunika n'kuwayang'anira, chifukwa tsiku lina adzatuluka osadziwa njira yobwerera.

"Kumudzi sabwereranso," anatero Nesi. "Mukhala ndi ife."

Nyumba imene Nesi ankachita lendi inali kuseri kwa nyumba ya alandilodi, mumpanda umodzi. Kutsogolo kunali kapinga wobiriwira, wometedwa bwino, amene alandilodi ankamuthirira okha ndi paipi madzulo alionse, ngati akusambitsa mwana. M'mawa wina amake Nesi anagonereza, chifukwa matiresi a mutawuni amanyenga, ndipo anadzidzimuka ndi mawu a munthu akukalipa panja. Pambali pawo panalibe munthu. Anathamanga opanda nsapato.

Akalola anali atapeza fosholo kuseri kwa bafa. Theka la kapinga linali litatembenuzidwa, mizere itawongoka ngati yoyezera chingwe, ndipo m'manja anali ndi pepala la nyemba za m'khitchini mwa Nesi, akudzala. Nkhope yawo inali yowala kuposa tsiku lina lililonse chifikireni mutawunimo. Alandilodi anali ataima ndi thaulo m'khosi.

"Kapinga uyu ndinachita kuitanitsa kutali! Mukudziwa zaka zimene ndamusamala?"

"Pepani achimwene," anatero Akalola akupukuta thukuta. "Ndinaona kuti udzu wakukulirani, ndiye ndati ndikuthandizeni mvula isanagwe. Musavutike zondilipira."

Mkamwini anatuluka atavala nsapato imodzi n'kuyamba kupepesa, ndipo Loweruka lonse lotsatira analithera akubwezeretsa kapinga chogwada. Kuyambira tsiku limenelo fosholo inabisidwa, geti inkakhala yokhoma, ndipo Nesi ndi mwamuna wake akamapita kuntchito ankakhomanso chitseko cha kutsogolo, kiyi n'kusiyira amake.

Akalola anayamba kufota ngati mmera wozulidwa. Ankakhala pasofa tsiku lonse moyang'anizana ndi wailesi ya kanema. Poyamba ankapereka moni kwa wowerenga nkhani, n'kumadabwa kuti mnyamata wovala bwino chonchi sayankha bwanji akulu. Kenako anasiya. Pachakudya ankangogwira supuni, ndipo akazi awo akawanong'oneza kuti tipemphere, ankawayang'ana ngati alankhula chilankhulo china. Thalauza linayamba kukhwepa m'chiuno.

Masana ena amake Nesi akuchokera kochapa anawapeza ataima pawindo, manja onse awiri atagwira zitsulo zotchingira akuba.

"Mayi," anatero osatembenuka, "inu mukuoneka kuti mumadziwana ndi akuluakulu a pano. Tandifunsirani. Ndinalakwa chiyani? Mlandu wanga adzazenga liti?"

Amake Nesi anaika beseni pansi pang'onopang'ono. Analowa m'bafa, n'kutsegula mpopi kuti madzi azisokosera, ndipo analira mmene sanalirirepo chiyambire matendawa.

Madzulo ake anamupeza Nesi m'khitchini akudula anyezi, yunifolomu asanavule.

"Ine ndikuwatenga bambo ako. Tikubwerera."

Nesi anaika mpeni pansi. "Amayi, mukawasamala bwanji nokha? Akasochera? Akagwera m'chitsime? Inunso miyendo ikukuvutani."

"Kuno sasochera, n'zoona. Koma akuyesa kuti ali m'ndende, mwanawe."

"Ndiye ine ndawamanga?" Mawu a Nesi anasweka. "Anagulitsa ng'ombe chifukwa cha ine. Analima ndi khasu mpaka msana kupindika chifukwa cha ine. Lero adwala, ndiwabweze kumudzi kopanda ngakhale chipatala? Anthu adzati chiyani? Ineyo ndidzadziuza chiyani?"

Amake Nesi anadziwa kuti zonse zimene mwanayo ananena zinali zoona. Anangotola mpeni uja n'kupitiriza kudula anyezi.

"Sindikudziwa ngati ndikuchita bwino," anatero patapita kanthawi. "Mwina ndikulakwitsa. Koma sindingathe kuwaona akuthera pawindo paja."

Anasiyana mitima ili yolemera. Nesi anawalongedzera mankhwala, n'kuwafotokozera kamwedwe kake kawiri konse, koma pokwera basi sanawayang'ane amake kumaso.

Atafika kwawo, Akalola sanaizindikire nyumba. Anapempha chilolezo polowa, ndipo anafunsa ngati pali malo oti mlendo angagone. Koma m'mawa mwake atatsika kumtsetse n'kuona khoma la miyala lija, anaima, n'kuvula chipewa. Milomo inayamba kuyenda. Kenako analavulira m'manja. Amake Nesi anawapatsa khasu, ndipo tsiku limenelo Akalola anadya mpaka kupempha china.

Komabe zimene Nesi ankaopa zinachitika. Mvula itayamba, tsiku lina amake Nesi anangolowa m'nyumba kukatenga mbewu, potuluka munthu palibe. Anafuna kumunda, kutchalitchi, kugolosale. Anthu anamwazikana uku ndi uku akuitana. Anakawapeza dzuwa litapendeka, kutsidya kwa kamtsinje, atakhala m'munda wa eni, chipumi chitang'ambika, magazi ataumira patsaya. Ankati akudikira ng'ombe zawo zimalize kumwa madzi.

Amake Nesi anawatsuka balalo. Mumtima ankangomva mawu a mwana wawo. Anaganiza zoimba foni n'kuvomera kuti alephera.

Asanatero, m'mawa mwake kunatulukira Mzime, akukankha njinga yolemedwa ndi bokosi la masipanala, pampu, machubu akale ndi kachikwama ka zovala. Nkhani inali itamupeza kumsika.

"Njinga zimaphulika kulikonse, amayi," anatero akumasula katundu pansi pa mtengo wa pabwalo. "Ofuna kukonzetsa adzandipeza kuno."

Akalola anatuluka, bandeji ili pachipumi, n'kumuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi, uyu ndiye waganyu uja?"

Mzime anayang'ana amake. Amake anayang'ana pansi.

"Eya, ndi ine," anatero Mzime.

"Chabwino. Kuno timalawirira. Ndipo sitiyamba ntchito tisanapemphere."

"Ndamva, bambo."

Anakhala choncho nyengo yonse ya dzinja. M'mawa bambo ndi waganyu wawo ankatsikira kumunda limodzi, masana Mzime ankakonza njinga pansi pa mtengo, diso limodzi lili pakhonde. Mapemphero a pachakudya anabwerera, koma mayina anali atapita onse, ndipo ngakhale akazi awo anong'oneze, sankawatolanso. Ankangoti, "Atate, onse aja mukuwadziwa. Asungeni. Ameni." Tsiku loyamba kumva pemphero limeneli Mzime anakhala chowerama nthawi yaitali, chakudya osachikhudza.

Tsiku lina nthawi yopalira, amake Nesi anatsika ndi tiyi m'botolo ndi mbatata zophika. Atafika kuseri kwa khoma la miyala anamva awiriwo akucheza, ndipo anaima.

"Iwe mnyamata, khasu umaligwira bwino. Anakuphunzitsa ndani?"

"Abambo anga."

"Ali moyo?"

"Ali moyo."

"Uziwayendera." Khasu linalira kangapo. "Inenso ndili naye mwana wamwamuna, womaliza. Msinkhu ngati wakowu. Manja ake ndi odala, iwe. Njinga yoti eni ake aitaya, iye amaidzutsa n'kuyenda. Ali wamng'ono anandikonzera wilibala ndi waya wa pampanda, ine ndisanamuuze n'komwe."

"Ali kuti pano?"

"Kumsika. Sabwera kuno. Amati ndine wovuta." Akalola anaseka pang'ono. "Mwina akunena zoona. Ndinkafuna kumukokera kwa Mulungu ngati mbuzi pachingwe. Koma mtima wake ndi wabwino, mwana uja. Mayi wina wamasiye anandiuza kuti amamukonzera njinga ulere. Iye sadziwa kuti ndinamva."

Mzime ankangopalira pamalo amodzimodzi, pomwe udzu unali utatha kale.

"Ukakamuona kumsikako, usakamuuze kuti ndamutama. Angayambe matama."

"Sindikamuuza, bambo."

Amake Nesi anabwerera chakumbuyo mwakachetechete, n'kukakhala pamwala mpaka maso atauma. Kenako anatsikanso akutsokomola mokweza kuti awamve akubwera. Mzime analandira botolo la tiyi nkhope atayang'anitsa kumbali, n'kunena kuti fumbi lamulowa m'maso. Kunali kutagwa mvula dzulo lake, fumbi kunalibe, koma amake anangoti, "Pepa."

Masiku ena anali ovuta, osati onse anali okoma chonchi. Nthawi zina Akalola ankakana kusamba, n'kukalipa kuti mkazi wachilendo asawakhudze, iwo ndi munthu wapabanja. Nthawi zina ankabisa chakudya pansi pa pilo kuti asungire ana. Tsiku lina anawakankha akazi awo mpaka kugwera pachitseko, munthu amene moyo wake wonse sanatukulepo dzanja pa iwo. Amake Nesi anatopa mpaka m'mafupa, ndipo panali masiku amene popemphera ankangoti, "Ambuye, mukuona nokha," n'kulephera kupitiriza.

Koma panalinso madzulo ngati awa. Chimanga chitayamba kucha, anakhala awiri pakhonde dzuwa likupendeka, amake Nesi akusoka thumba long'ambika. Akalola anawayang'ana nthawi yaitali, n'kukonza kolala ya malaya.

"Mayi, mundikhululukire kufunsa. Kodi muli pabanja?"

Singano inaima. "Ndili pabanja."

"Aa." Anagwedeza mutu mokhumudwa. "N'zosadabwitsa. Amuna anuwo ndi munthu wotani?"

Amake Nesi anaika thumba pamiyendo. Palibe amene anawafunsapo funso limeneli, ndipo anadabwa kuona kuti yankho linali lokonzeka ngati lakhala likudikira.

Anawauza za mnyamata wa mawu oipa amene anachotsedwa mukwaya. Akalola anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kunena kuti anthu ena sadzimva okha. Anawauza za munda wamiyala, mmene mwamunayo ankabwerera zala zikuchucha magazi, iwo n'kumamumanga ndi nsanza. Anawauza za tsiku limene mwamunayo anafika ndi ana awiri amasiye, wina kumsana wina padzanja, n'kungonena kuti, "Mayi, onjezerani mbale." Anawauza za ng'ombe.

"Anagulitsa zonse ziwiri?" anafunsa Akalola modabwa. "Akanasiyako imodzi."

"Imodzi sikanakwanira sukulu ya mwana."

Anaganiza kaye. "Ndiye anachita bwino. Ng'ombe siidzakuika m'manda."

Kenako amake Nesi anawauza zimene anali asanauzepo ngakhale ana awo. Chaka cha chilala mwana wawo wachitatu anadwala n'kumwalira asanayambe kuyenda. Mwamunayo sanalire pa anthu. Atachoka onse, anatsikira kumunda yekha, ndipo iwo anamutsatira chapatali poopa kuti angadzipweteke. Anamupeza pakati pa chimanga chouma akukalipira Mulungu mokweza, ngati munthu amene akukangana ndi mnansi wake pa za malire. Anakalipa mpaka mawu kutha. Kenako anakhala pansi nthawi yaitali. Lamlungu lotsatira anadzuka, anasamba, n'kukaliza belu.

Akalola anamvetsera maso ali pabwalo. "Mulunguyo anamuyankha?"

"Sindikudziwa. Sanandiuze."

"Mwina anangokhala naye pansi pomwepo," anatero. Patapita kanthawi anafunsanso, "Nanga pano ali kuti, amuna anuwo?"

"Ali pafupi."

"Muziwasunga. Anthu otero ndi osowa." Anasendera pang'ono n'kutsitsa mawu. "Koma akadzakusiyani, mudzandiuze. Ine ndili ndi munda."

"Mulungu akalola," anatero amake Nesi.

"Mwayankha bwino, mayi. Mwayankha bwino kwambiri."

Anakolola limodzi chaka chimenecho, Akalola akusenza chimanga chochepa m'kathumba, koma akulamula ngati kale. Nyengo yozizira itafika anayamba kutsokomola, ndipo chifuwacho chinasanduka chibayo. Ulendo uno amake Nesi sanazengereze kuimba foni. Nesi anapempha tchuthi n'kufika tsiku lotsatira. Za mkangano wa m'khitchini uja panalibe amene anazitchula. Nesi anavula nsapato, anamanga nsalu m'chiuno, n'kuyamba ntchito imene ankaidziwa: kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwamwetsa madzi ndi supuni, kuwakhazika motsamira kuti apume bwino. Amake ankangoyang'ana manja a mwanayo mmene ankayendera mofatsa ndi mosakayika, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri anakhala pansi osachita kanthu. Akalola ankamutchula Nesi kuti adokotala, ndipo akawapukuta kumaso ankathokoza, n'kunena kuti makolo ake anamulera bwino.

Anamwalira masana, zenera lili lotsegula, panja Mzime akupopa tayala la njinga ya munthu. Sananene mawu otsiriza oti anthu n'kumawabwereza. Anangopuma mozama, n'kupumanso, kenako osapumanso. Dzanja lawo linali m'manja mwa akazi awo.

Anthu anabwera ambiri, kuposa mmene banjalo linkayembekezera. Ana onse anafika, ndi amasiye aja, amene tsopano anali ndi ana awoawo. Abusa analankhula zabwino zokhazokha, mpaka amake Nesi anayamba kudzifunsa ngati akunena za munthu yemwe uja amene ankakana kumwa mankhwala ndi kuumirira kuti mvula igwa pamene kumwamba kuli mbee.

Alendo atabalalika, Nesi anatsalira. Madzulo ena ankapinda zovala za malemuwo pabedi pamodzi ndi amake.

"Amayi, ndinalakwa kuwatsekera m'nyumba muja?"

"Unachita zimene mwana amachita. Inenso ndinawabweretsa kuno n'kukang'ambika chipumi. Tonse timangoyesa."

Nesi anasalaza malaya ndi chikhatho. "Ine sanandidziwe mpaka kumapeto. Nanga inu? Ngakhale kamodzi?"

Amake Nesi anaganiza. Akanatha kumunamiza kuti amutonthoze, koma mwanayu sanali wonamizika.

"Sanandidziwe. Koma ndikalowa m'chipinda ankasangalala. Ndikatuluka ankafunsa Mzime kuti mayi aja apita kuti. Ine zimenezo zinandikwanira."

M'mawa mwake amake Nesi anadzuka dzuwa lili kale pamwamba. Anadzidzimuka, n'kupapasa pambali pawo, poopa kuti munthu watuluka yekha. Kenako anakumbukira. Anakhala m'mphepete mwa bedi kanthawi, manja ali pamaondo, osadziwa kuti tsiku lopanda womuyang'anira amaliyamba bwanji.

Chakumunsi kunkamveka mawu. Anasuzumira pawindo. Nesi ndi Mzime anali pamizere ya mbatata, akulimbirana khasu ngati ana.

"Iwe wazolowera masipanala, bweretsa kuno!"

"Achemwali, inu khasu munaligwira liti? Iyi si jakisoni."

Nesi analanda khasulo, n'kulitukula, n'kutema pakati penipeni pa mzere. Ngakhale ali patali, amake Nesi anamva kulira kwa mbatata ikudukana pawiri.

"Mukuzitema!" anakuwa pawindo. "Yambirani m'mbali, inu ana!"

Sanawamve. Amake Nesi anafunafuna nsapato pansi pa bedi, anamanga mpango kumutu, n'kutsikira kumunda akung'ung'udza.